Chaka cha 93

Lolemba, 3 Meyi 2004

Bambo sanasochere. Ndilembe pano, poti kunjaku kulibe wondimvera. Mayi Tu, oyandikana nafe nyumba, akulalikira msika wonse kuti a Hou okalamba anasochera mwezi watha, anachita kutoledwa ndi apolisi. Bodza. Anapita kusiteshoni kukaona ngati sitima ya kuphiri yanyamuka pa nthawi yake. Munthu wagwira ntchito yokonza ndandanda ya sitima moyo wake wonse, mumati apite kuti? Pomwe anali ankapadziwa. Njira yobwerera yokha ndiyo inawathawa. Ndipo wapolisiyo sanawatole, anangowaperekeza.

Kusochera n'kwina, kuiwala pokhotera n'kwina.

Koma nkhani inafika ku Hsinchu, komwe kumakhala achimwene. Achimwene a Tsung-yao pafoni, ndi mawu awo a ku ofesi aja: "Pi-luan, zikachitikanso, kaya n'kusochera kaya ndi mankhwala, Ababa abwera kuno. Malo ndawapezera kale. Nyumba yabwino, anamwino ake osachoka." Nyumba yabwino. Yosungirako okalamba. Mawu amenewo sawatchula, amawalambalala ngati chithaphwi.

Ndiye ndagula kakompyuta ka m'manja, kogwiritsidwapo kale ntchito. Kazilira pa nthawi ya mankhwala a shuga, Bambo akadina batani kaziwaonetsa chithunzi cha mapiritsi oti amwe. Ine ndimachoka asanadye kadzutsa, ndimabwera atadya kale chamadzulo. Njira ina ndilibe.

Alamu a Ya-chin akuti ndagula chidole kuti ndizembe udindo. Iwowo, amene sanawaphikirepo Bambo ngakhale phala.

Lachitatu, 5 Meyi

Kachipangizoka mutu wake ndi wochepa ngati wa alamu. Zithunzi zingapo chabe, kayamba kudandaula kuti kadzaza. Ndagula kakhadi kolowetsa pamwamba. Kukula kwake ngati sitampa, mtengo wake ngati nsapato. Mapulogalamu onse ndasamutsira pa kakhadiko. Ya mankhwala. Ya nkhope za anthu ndi mayina awo. Ya njira yobwerera kunyumba kuchokera kusiteshoni, kumsika ndi kukachisi, pokhotera paliponse chithunzi chake. Mkati mwa kachipangizo mwatsala wotchi yokha ndi kulira kwake.

Mapiritsi ndawajambulira ku shopu ya zithunzi komwe ndimagwira ntchito, pa nsalu yakuda, ndi kamera yojambulira zithunzi za ziphaso. M'mawa oyera awiri. Madzulo loyera limodzi ndi lachikasu. A Weng, abwana anga, anaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba. "Ophunzira za mankhwala ku yunivesite, taonani afika pojambula mapiritsi." Ndinati, "Theka la yunivesite, abwana. Akanakhala wa yonse sakanalola malipiro anuwa." Anapita kukapukuta galasi loyera kale.

Kachipangizoka Bambo akakonda. Sindinayembekezere. Kabokosi ka mapiritsi ka timagawo kaja anakakana, ati n'ka ana ndi amisala. Ine ndikawakumbutsa, mkangano. Koma aka kakalira amaimirira, kudina, kuyang'ana, kutsegula botolo, kumwa, ngati lafika lamulo lochokera ku likulu. "A-luan," akutero, poti ndimo amanditchulira, "kanthu aka kamasunga nthawi. Iwe unachedwa kubadwa, ndipo mpaka lero ukuchedwabe."

Vuto lilipo limodzi. Ndikakakhazika pa kampando kake kolumikiza ku kompyuta n'kudina, zimene zimapita ku kompyuta ndi za mkati zokha. Za pa kakhadi sizisuntha. Ndiye kuti ntchito yonseyi ili pamalo amodzi, m'thumba la malaya a munthu amene anachapapo wotchi yake pamodzi ndi buluku.

Lamlungu, 9 Meyi

Tsiku la anakubala. Ku shopu anthu pikitipikiti, aliyense ndi chithunzi cha mayi ake atavala duwa pachifuwa. Ndasindikiza amayi a eni tsiku lonse.

Kunyumba tayatsa zofukiza patsogolo pa chithunzi cha Amayi. Alamu atumiza keke. Kunyumba ya munthu wa shuga.

Pamene Amayi ankagwa m'bafa muja ndinali chaka chachitatu ku yunivesite. Achimwene anali ku Amereka, ankatitumizira zithunzi za chipale chofewa. Palibe anandiuza kuti ndisiye sukulu. Onse anangokhala chete, chete, mpaka ndinalongedza. Amayi anagona pabedi zaka, wowatembenuza ine. Pamaliro achibale ankagwira dzanja la achimwene, ati mwana wabwino, wachokera kutali.

Basi. Kope ili sindinagulire zimenezi.

Achimwene aimbanso foni. "Nanga kakhadi kakoko kakafa?" Ndinayankha msanga kuti chilichonse chili ndi chinzake mu kompyuta. Bodza. Tsopano ndiyenera kulisandutsa zoona. Ndayesa kukopera pamanja, fayilo imodziimodzi. Zikutheka, koma ndikasintha kanthu uku ndimaiwala uko, pofika mawa sindidziwanso kuti yatsopano ndi iti.

Mvula tsiku lonse. Zovala sizikuuma.

Lachitatu, 12 Meyi

Ndapeza. Pa intaneti, pamalo paja amuna osakwatira amakanganirana za timakina, munthu wina wa ku Kaohsiung anapanga kapulogalamu kolunzanitsa kakhadi ndi kompyuta, kuti za uku zizifanana ndi za uko. Kaulere. Nzeru yake ndi yachidule: kamayang'ana fayilo ya pa kakhadi ndi inzake ya mu kompyuta, ya deti latsopano ndiyo imapambana, inayo imafufutidwa. Ndinafunsa funso limodzi pamenepo, wina n'kundiyankha kuti, "Mlongo, uuze amuna ako akuthandize." Ndamuyankha. Oyang'anira achotsa uthenga wangawo, koma anali atauwerenga.

Ndayesa m'mawa ndisanapite kuntchito. Kampando, kudina, kanyimbo, timizere tikuyenda. Zonse zalowa mu kompyuta: mapiritsi, nkhope, misewu. Ndinafuna kuimbira ku Hsinchu. Ndadziletsa. Munthu sunyadira kwa woti ayankha kuti chabwino.

Pobwera madzulo ndawapeza Bambo patebulo, nyuzipepala uku, kachipangizo uku, kansalu kopukutira magalasi m'manja. Akapukuta mpaka kung'anima. "Kali bwino," akutero, "koma kanali ndi cholakwika chimodzi. Ndakonza." Zala zanga zamafuta, ndicho cholakwikacho. Ndati zikomo, abwana a siteshoni. Aseka. Kuseka kwenikweni, mpaka mano agolide a kumbuyo kuoneka.

Tsiku labwino. Ndilembe kuti linaliko.

Lachisanu, 14 Meyi

Tsiku langa lopuma, ndiye kuti tsiku la kuchipatala. Dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine. Ati shuga wa Bambo wayamba kutsika, sakudya ngati kale, mankhwala awachulukira. M'mawa piritsi loyera limodzi, osati awiri. Madzulo loyera lichoke, litsale lachikasu lokha. Anabwereza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wantchito wa m'nyumba. Ndinati, "Ndamva, adokotala, makutu ndinabwera nawo." Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.

Ndasintha pompo, pa benchi podikira mankhwala. Chithunzi cha piritsi limodzi ndinali nacho kale pa kakhadi. Ndawaonetsa Bambo. Ati, "Lamulo latsopano." Ndati inde. Pofika pa njinga yamoto anali ataiwala kuti dokotala wanena chiyani, koma zilibe kanthu. Ntchito yokumbukira si yawonso.

Pobwerera tadya mpunga wa nkhukundembo pafupi ndi kasupe wa pakati pa tawuni. Ati wa masiku ano ndi wouma, msuzi amachita kuwerengera madontho. Mbale yonse amaliza.

Kunyumba: kampando, kudina, kanyimbo. Zalunzanitsidwa. Ndalembera achimwene uthenga kuti mankhwala asintha, zonse zili m'malo. Yankho: "Chabwino."

Lolemba, 17 Meyi

Chinyontho. Makoma akutuluka thukuta, Bambonso. Ndawapeza malaya atanyowa, manja akunjenjemera pa kapu ya tiyi. Andikalipira chifukwa cha nsapato zanga pakhomo, zomwe zimakhala pomwepo masiku onse. Kenako ndapeza timapepala ta masiwiti pa guwa la makolo. Adya masiwiti a nsembe. Ndawakalipira nanenso. Ati, "Anali a amayi ako. Andigawira."

Mayi Tu pampanda: "Abambo ako akuoneka otuwa, A-luan. Ukuwadyetsa, kapena makina aja ndi amene akuphikanso?" Ndati makina saphika, komanso sanena miseche.

Ku shopu makina otsukira mafilimu akudontha. A Weng akuti anthu asiya mafilimu, aliyense ali ndi kamera ya kakhadi, mwina chaka chamawa shopu kulibe. Amanena akundiyang'ana, ngati makamerawo ndinapanga ndine.

Kutopa. Msana.

Lachitatu, 19 Meyi

Chipatala. Bambo pa bedi la kuzenera, diripi pamkono.

Anagwa pageti akuthirira maluwa. Shuga anatsikiratu. Anawapeza ndi Mayi Tu. Mayi Tu. Anaitana ambulansi, anakwera nawo, anandiimbira ali m'njira. Ndawathokoza. Mawu anatuluka ngati minga ya nsomba. Sanandinyoze n'komwe, anangondigwira paphewa, ndipo chimenecho ndicho chandipweteka.

Chipumi asoka. Dokotala ati akanachedwa kupezeka bwenzi tikukamba zina. Wafunsa ngati mlingo unasinthidwa. Ndati ndinasintha ndekha, pa benchi ya panja pa chitseko chake.

Achimwene abwera Loweruka. Ali ndi msonkhano.

Lachinayi, 20 Meyi

Ndatulutsa kachipangizo m'malaya omwe anagwa nawo. Ndadina batani la mankhwala. M'mawa oyera awiri. Madzulo loyera ndi lachikasu. Mlingo wakale, chithunzi chakale.

Ndinangokhala pansi kukhitchini, pasimenti.

Ndinasintha. Ndikudziwa kuti ndinasintha. Ndafufuza mu kompyuta kuti kapulogalamu ka ku Kaohsiung kanachita chiyani Lachisanu. Kanagwira ntchito yake bwinobwino. Kanapeza mafayilo awiri a mankhwala. Ya mu kompyuta, Meyi 2004. Ya pa kakhadi, imene ndinasintha kuchipatala, Meyi 1993. Yatsopano ipambane. Kanafufuta yanga n'kubwezapo yakale.

1993. Ndatsegula pomwe pamakhala deti, malo amene ndinawabisa dala kuti Bambo aziona nthawi yokha. Chaka: 1993.

"Kanali ndi cholakwika chimodzi. Ndakonza."

Nyuzipepala yawo ikadali patebulo. Pamwamba pake, monga pa bilu ya magetsi, pa khadi la chipatala, pa paketi ya tofu mu firiji: chaka cha 93. Ndimo timawerengera kuno, kuyambira chaka chimene boma linakhazikitsidwa. Za 2004 n'za makompyuta ndi akunja. Bambo pa ndandanda zawo za sitima sanalembepo chaka cha manambala anayi. Anaona chaka cholakwika, anafufuta, analemba 93. Kachipangizo kopangidwa kutsidya kwa nyanja kanamva 1993, kanavomera.

Sanalakwitse. Chaka chino ndi cha 93. Funsani aliyense pamsewu.

Ine ndikanangodina batani limodzi Lachisanu lija nditalunzanitsa, kuti ndione chithunzi. Ndinali kalikiliki kuuza achimwene kuti zonse zili m'malo. Thukuta lija, kunjenjemera kuja, masiwiti aja. Wa chaka choyamba cha maphunziro a mankhwala akanadziwa. Ine ndinati chinyontho.

Tsopano zili chonchi. Ndikanena kuti Bambo anasintha chaka, achimwene anena kuti munthu wayamba kugwiragwira zinthu, sangasiyidwe yekha, ndipo Hsinchu yakwana. Ndikanena kuti ndine ndekha, anena kuti Pi-luan ndi Pi-luan basi. Koma cholakwa changa chimakonzeka: kuchotsa kapulogalamu, kuyang'ana kawiri. Cha Bambo sichikonzeka.

Ndabweza chaka pa 2004. Ndaikanso chithunzi cha piritsi limodzi. Kapulogalamu kaja ndafufuta.

Lachisanu, 21 Meyi

Bambo apezako bwino. Akuuza namwino kuti amachedwa ndi chakudya, pa njanji akanamuchotsa kalekale. Namwinoyo ati, "Agogo, ndiye mundilembere lipoti." Ati alemba.

Afunsa za kachipangizo kawo. Ndati kali kunyumba, kakudya moto.

Pa njinga yamoto ndakhala ndikuyeserera. Ndinalakwitsa, achimwene. Cholakwa ndi changa, achimwene. Mawu osandikwana m'kamwa, ngati mano a munthu wina. Pa magetsi ofiira bambo wina wanditembenukira, ndimalankhula ndekha mokweza.

Loweruka, 22 Meyi

Achimwene afika ndi alamu. Mtanga wa maapulo a ku Japan, lililonse lokulungidwa palokha ngati khanda. Achimwene anenepa. Tinaima mozungulira bedi.

Ndinanena. "Achimwene, cholakwa ndi changa. Ndinakopera fayilo yakale pamwamba pa yatsopano. Ababa anamwa zimene anauzidwa, sanaphonye ngakhale kamodzi. Mutu wawo uli bwino." Ndinaweramitsa mutu. Ine, pamaso pa Ya-chin.

Achimwene anasowa poyambira. Chibadwire sanandimvepo ndikupepesa. Anatsokomola, anati aliyense amalakwitsa. Kenako anayamba kukamba zopeza mayi woti azibwera masana kudzawayang'anako Bambo, iwo azilipira. Za Hsinchu osatchula. Alamu anayamba kusenda apulo. Ndinadziwa kuti zatheka.

Pamenepo Bambo anadzutsa mutu pa pilo.

"Mwanayu musamunamizire. Makina aja anali ndi chaka cholakwika. Ndinakonza ndine."

Ndinati, "Ababa, tapumulani."

"Usandiuze zopumula. Analembapo zikwi ziwiri ndi zinayi. Tsung-yao, iwe wophunzirawe, chaka chino n'chachingati?" Achimwene anati cha 93, Ababa. "Wamva? Ndinafunafuna mpaka ndinapeza pomwe anabisa. Sitima siyenda ndi deti labodza."

Kunyadira kwake. Maso kuwala. Zimene anadya m'mawa sakuzidziwa, koma izi anakumbuka zonse, mpaka batani lomwe anadina. Anachita kutionetsa ndi chala m'mwamba.

Achimwene anandiyang'ana. Ndi injiniya, sanafune kufotokozeredwa. Ndinawaona akuyenda nayo nkhani m'mutu mpaka anafika pomwe ndinafika ine Lachinayi. Mpeni wa alamu unaima pakati pa apulo.

Pakhonde la chipatala, achimwene: "Unadziwa." Ndati inde. "Ndiye wandinamiza." Ndati ndanena theka la zoona, theka ndilo gawo langa pa chilichonse m'banja muno. Sanaseke. "Lero akonza chaka, Pi-luan. Mawa adzakonza chiwerengero cha mapiritsi, poti chikuwaonekera cholakwika." Ndati chakacho anakonza molondola. Ati, "Molondola, ndipo anatsala pang'ono kufa."

 

Lachiwiri, 25 Meyi

Bambo anatuluka Lamlungu. Alamu abwerera kwa ana, achimwene atsala, atenga tchuthi. Akugona m'chipinda chawo chakale, momwe ndimasungiramo makatoni.

Ndayesa zonse kuti Bambo asapite ku Hsinchu. Ndati deti ndilitseka ndi nambala yachinsinsi, ndawaonetsa kuti zikutheka. Ati adzapeza china chokonza. Ndati kompyuta ndiyisiya, kakhadi kazikhala kokha, palibenso kulunzanitsa. Ati nanga kakafa, si paja tinayambira. Ndati mapiritsi ndiziwasiyira Mayi Tu, ngakhale pakamwa pawo pali ngati wailesi. Ati Mayi Tu si namwino. Pomaliza ndati ntchito ya ku shopu ndisiya, ikutha kale yokha.

"Usiyenso? Unasiya sukulu, ndipo mpaka lero tonse tikumva kuwawa kwake kudzera pakamwa pako. Kachiwiri ayi."

Ndinawafunsa ngati chipale chofewa chija chinali chokoma. Ndinanenanso zina, sindilemba. Ndimadikira kuti akalipe. Anangovula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ukuganiza kuti sindidziwa?" Akanakalipa bwenzi zili bwino. Munthu wovomera umamenya pati?

Ndinapita kwa Bambo. Anali pakhonde, akusankha nyemba zobiriwira m'lichero la pulasitiki. Ndinagwada. "Ababa, nenani nokha kuti simukupita. Mukanena inu, achimwene sangatsutse."

Anapitiriza kusankha.

"Pa njanji, munthu akachititsa ngozi amamuchotsa pa mzere, ngakhale kuti anatsata buku. Si chilango. Ndi dongosolo."

Ndati inu simunachititse ngozi.

"Nanga chipumi ichi anandisoka chifukwa cha kukongola?"

Ndati cholakwa chinali changa, ndimanena zoona kuchipatala kuja, sindinayang'ane chithunzi. Ati akudziwa, ulesi wanga anauona ndili mwana. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, maso angwiro, osati a masiku oipa aja.

"Watopa, A-luan. Nkhope yakoyi yawawa ngati ndulu. Ngakhale galu wa a Tu amakuopa."

Ndinaseka. Kenako sikunalinso kuseka. Anandipatsa lichero kuti ndimalize.

Lachinayi, 27 Meyi

Kulongedza. Kunyumba ya okalamba kuja akuti chovala chilichonse chikhale ndi dzina. Ndalemba Hou pa kolala iliyonse, pa sokosi iliyonse, ngati mwana wopita kusukulu yogonera komweko. Jekete ya njanji akuti apita nayo, ngakhale ku Hsinchu kukutentha chimodzimodzi.

Mankhwala azipatsidwa ndi anamwino. Timakina m'zipinda saloleza, ati okalamba amataya kenako amanamizira antchito.

Kachipangizo kakuliranso pa nthawi yake. Bambo kuimirira, kudina, limodzi, kumwa. Achimwene anaona. Masana ndawapeza Bambo atatsegula pulogalamu ya njira, akudutsa zithunzi pang'onopang'ono: siteshoni, sitolo ya njinga, mtengo wa pakachisi, ngodya ya ogulitsa mkaka wa soya, geti lathu. Akafika pa geti, kuyambiranso. Ndinabwerera kukhitchini asanandione.

Mayi Tu abweretsa mpunga wokulunga m'masamba a nsungwi, ati wa paulendo. "Hsinchu si kumwamba, A-luan, sitima zimapita." Ndati ndikudziwa, ndandanda yake ili m'nyumba muno, ikupita nawo. Akhala nane pang'ono. Sindinawathamangitse.

A Weng andipatsa tchuthi Lamlungu osandifunsa chifukwa. Ndiye kuti msika wonse ukudziwa.

Lamlungu, 30 Meyi

Bambo anadzuka okha, anameta okha, tayi amanga okha. Atayatsa zofukiza kwa Amayi anawauza kuti asamutsidwa, malo atsopano sanawaone koma akuti ndi aukhondo.

Ndinafuna kupita nawo. Achimwene anati kumbuyo kwadzaza katundu, ndibwere sabata yamawa atakhazikika. Mwina n'zoona.

Pageti anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kachipangizo, anandipatsa ndi manja awiri. "Katundu wa pa ofesi amatsala pa ofesi." Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinali ndi zonena zambiri, ndinakonza kuyambira Lachinayi. Ndinangoti, "Ababa, anamwino musamawakalipire." Ati zidalira anamwinowo.

Anakwera kutsogolo. Anauza achimwene kuti adzere msewu wa kusiteshoni. Galimoto inakhota pa ngodya ya ogulitsa mkaka wa soya.

Ndasesa m'chipinda chawo. Ndachapa mapilo. Mabotolo a mapiritsi ndaika m'jumbo, ndikabweza kuchipatala. Keke ya alamu ija inali idakali mu firiji, ndataya.

Chakumadzulo kachipangizo kalira patebulo. Ndinakasiya kalire mpaka kanatopa. Kenako ndinakatenga, ndinadina batani la mankhwala, sindikudziwa kuti ndimafuna kuona chiyani. Palibe chinatuluka. Ndadina la nkhope, la njira, chimodzimodzi. Ndakatembenuza.

Kakhadi mulibe. Bambo apita nako.